Anakula, koma nyamakazi yake ndi yomwe ija

Mabuku a kuchipatala a mng'ono wanga ananyowa mu Malichi 2023, sabata imene namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera. Kwathu kwa Kadewere, m'boma la Chiradzulu, sitinaone zoopsa ngati za ku Ntauchira kumene matope ochokera m'phiri anakokolola mudzi. Ife linagwa ndi khoma limodzi lokha, madzi n'kulowa kuchipinda kwa amayi. Tinadandaula chimanga, tinadandaula mabulangete. Za mabuku atatu osokedwa pamodzi ndi ulusi wakuda, omwe anali pansi m'sutikesi, palibe anaziganizira mpaka tsiku limene tinkayanika katundu pamkeka. Inki inali itayenderera, masamba atamatirana, ukati utsegule n'kumang'ambika.

M'mabukumo munali mbiri ya zaka 12. Munalinso dzina la matenda ake, dzina lomwe tinalifunafuna zaka zitatu tisanalipeze. Nkhani ndikulembayi ndi ya dzina limenelo, ndi mmene linasowera panjira pamene mwanayu ankachoka m'manja mwa madokotala a ana kupita kwa madokotala a akuluakulu. Wandilola kulemba, koma wakana kuti ndimutchule. "Achemwali, mukalemba dzina langa ndiye anyamata onse andithawa," anatero uku akuseka.

Zinayamba ali ndi zaka zisanu, ine ndili Sitandade 7. Bondo lakumanzere linatupa popanda kugwa, popanda bala. M'mawa ankadzuka akutsimphina, mwendo utauma gwa, koma dzuwa likakwera ankasewera fulaye ndi anzake ngati palibe kanthu. Zimenezi ndi zomwe zinatipusitsa. Amalume ankati ndi ulesi wothawa kusesa pabwalo. Agogo anamuyang'ana n'kupukusa mutu. "Nyamakazi ndi yathu ife okalamba, kamwana ngati aka kangaitenge kuti? Kaponda zoponda aka." Mphini zomwe anamutema pabondopo zikuonekabe mpaka lero.

Kuchipatala anayamba ndi kufufuza matenda omwe amapha msanga, ndipo lero ndikumvetsa chifukwa chake. Bondo la mwana likatupa kuno kwathu, dokotala amayenera kuganizira kaye za mafinya m'mfundo, TB ya m'mafupa, sickle cell, HIV, khansa ya m'magazi, komanso matenda aja amayamba ndi zilonda zapakhosi, n'kumayendayenda m'mfundo kenako n'kukawononga mtima, omwe madokotala amati rheumatic fever. Palibe kuyeza magazi kumodzi komwe kumanena kuti iyi ndi nyamakazi ya ana. Dzinali limabwera zina zonse zikakanidwa. Ndiye panadutsa zaka zitatu za panado, bulufeni ndi maulendo a pakabaza, mpaka dokotala wina wa ana, kuchipatala chachikulu kumene tinatumizidwa, analemba zilembo zitatu: JIA.

Mfunda umodzi, mbumba zisanu ndi ziwiri

Zilembozo zikuimira juvenile idiopathic arthritis. M'Chichewa tingati nyamakazi ya ana yosadziwika chiyambi chake. Chitetezo cha m'thupi, chomwe ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimatembenukira kachikopa kopyapyala kokuta m'kati mwa mfundo. Kachikopako kamatupa, madzi amadzaza, ndipo zikatenga nthawi fupa lenilenilo limadyeka. Si yopatsirana, sibwera chifukwa cha kuzizira, ndipo ndi yosiyana ndi nyamakazi ya agogo, yomwe imadza chifukwa mfundo zaperepeseka ndi ukalamba komanso khasu.

Kuti dokotala alembe JIA, pamafunika kuti kutupako kunayamba mwana asanakwanitse zaka 16, kwatha masabata osachepera asanu ndi limodzi, ndipo chifukwa china chilichonse chasowa. Mfundo zimenezi anagwirizana ndi akatswiri a bungwe la ILAR atakumana ku Durban, m'dziko la South Africa, mu 1997, n'kuzikonzanso ku Edmonton, Canada, mu 2001. Izi zisanachitike, a ku America ankati JRA, a ku Ulaya n'kumati JCA, aliyense ndi kawerengedwe kake.

Koma JIA si nthenda imodzi. Dzinali lili ngati mfunda, ndipo pansi pake pali mbumba zisanu ndi ziwiri. Ina imabwera ndi kutentha thupi kwa tsiku ndi tsiku komanso zidzolo zongooneka n'kuzimiririka. Ina imakonda anyamata okulirapo, imagwira chidendene, chiuno ndi msana. Ina imayenda ndi nthenda ya pakhungu ya psoriasis. Ziwiri zimagwira mfundo zisanu kapena kuposa, ndipo zimasiyana poti ina magazi amaonetsa chizindikiro chotchedwa rheumatoid factor pomwe inayo saonetsa. Palinso khola la zosokonekera, zomwe sizikwanira pena paliponse. Ya mng'ono wanga ndi oligoarthritis, yomwe imagwira mfundo zosaposa zinayi m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira. Imakonda atsikana aang'ono, ndipo nthawi zambiri imayambira pabondo. Yake itadutsa miyezi imeneyo inafalikira mpaka mfundo zisanu, ndiye dokotala anawonjezera liwu loti extended, kutanthauza kuti yatambasuka.

Taonani pomwe pagona nkhani. Mtundu wa matendawa umadalira zomwe zinachitika m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Nanga mwana wa kumudzi amene wafika kwa katswiri patatha zaka zitatu, miyezi imeneyo anaiona ndani? Anaiona ndi amayi ake basi. Ndikukumbuka dokotala uja akufunsa mobwerezabwereza kuti, "Mayi, chaka choyamba chija zinatupa mfundo zingati? Liti linayamba, bondo kapena kakolo?" Amayi ankawerenga ndi zala. Vuto lofika mochedwali si lathu lokha. Kafukufuku wa ku University Teaching Hospital ku Lusaka, yemwe anasindikizidwa mu 2013, anapeza kuti ana ankafika matenda atapita kale patali, ndipo mtundu wogwira mfundo zambiri ndi umene unkaoneka kawirikawiri, kusiyana ndi ku Ulaya komwe wofala ndi wa mfundo zochepa.

Dzina litapezeka, moyo unasintha. Anamuyambitsa methotrexate, mankhwala omwa kamodzi pasabata, ndi folic acid woteteza thupi ku ukali wa mankhwalawo. Ankamuyeza magazi kuti aone chiwindi. Ndipo pakapita miyezi ingapo ankamutumiza kwa madokotala a maso, ngakhale maso ake sankamupweteka n'komwe. Ife tinkangotsatira. Kunena zoona, palibe mmodzi wa ife ankadziwa chifukwa chomwe mwana wodwala mawondo ankamuyezera maso.

Tsiku la buku latsopano

Mabuku aja ananyowa ali ndi zaka 17, nthawi yomwe anali atangouzidwa kuti wakula, azipita ku kiliniki ya akuluakulu. Amayi anali pakalikiliki woumba njerwa, ndiye ndinamuperekeza ndine. Tinagula buku latsopano pageti, loyera mbee. Pamzere panali azigogo a BP ndi shuga, ndipo mmodzi anamufunsa kuti, "Mwana wanga, waperekeza ndani?"

Titalowa, tinapeza dokotala wotopa, amene kunja kunali kukumudikira anthu osawerengeka.

"Mukudwala chiyani, achemwali?"

"Nyamakazi."

"Inayamba liti?"

"Kalekale."

"Mumamwa mankhwala anji?"

Mng'ono wanga anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Zaka zonsezi wolankhula anali amayi, wosunga mapiritsi anali amayi, wodziwa tsiku lobwerera anali amayi. Iye ankangotambasula mwendo. Ineyo, ndi digiri yanga yonse, ndinangoti, "Timapiritsi tachikasu, ta Lachisanu."

Dokotala anagwira manja ake, anaona kutupa, n'kulemba RA, kutanthauza rheumatoid arthritis, nyamakazi ya akuluakulu yodya mfundo. Anatitumiza kukayezetsa rheumatoid factor. Zotsatira zinabwera zoti mulibe. Ulendo wotsatira tinapeza munthu wina pampandopo, amene anawerenga pepalalo n'kunena kuti, "Magazi akuonetsa kuti mulibe nyamakazi yoopsa ija. Muzingomwa bulufeni zikamapweteka." Tinatuluka tikusangalala, eti. Methotrexate anasiya miyezi isanu. Za maso palibe anatchula, ifenso sitinafunse.

Sindikuloza chala anthu awiriwa. Anapatsidwa buku lopanda kanthu ndi mtsikana wosadziwa dzina la matenda ake, ndipo anagwiritsa ntchito mayina omwe anaphunzira, a matenda a akuluakulu. Koma ana ochepa okha a JIA ndi omwe magazi awo amaonetsa rheumatoid factor. Kwa mtundu wa mng'ono wanga, kusapezeka kwake ndiye kumayembekezereka. Kuyeza kumene kunayenera kutsimikiza matenda ake ndi komwe kunawafufuta.

Chaka chotsatira, akukonzekera mayeso a Fomu 4, anayamba kudandaula kuti pabolodi akuona ngati pali utsi. Tinkaganiza kuti ndi kuwerengera tochi usiku. Titapita kwa a maso, anamuika chibwano pamakina aja ounikira m'kati mwa diso, otchedwa slit lamp, ndipo dokotala anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anafunsa funso limodzi: "Kodi mwanayu anadwalapo nyamakazi ali wamng'ono?"

Anapeza uveitis, kutupa kwa m'kati mwa diso. Kwa akuluakulu kutupa kotereku nthawi zambiri kumadziulula, diso limafiira ndi kupweteka. Kwa ana a oligoarthritis kumayenda mwakachetechete. Diso limaoneka loyera bwinobwino, chikomekome cha mkuyu, m'kati mukuwonongeka. Kukalekereredwa kumabweretsa ng'ala, kuthamanga kwa madzi a m'diso, ngakhale khungu. Kumatha kuyaka mfundo zitazizira. Ndicho chifukwa chake ankamutumiza kwa a maso zaka zonse zija, ndipo methotrexate yemwe tinasiya uja ankathandizanso kuteteza maso. Anamupatsa mankhwala odontheza, anabwerera pa methotrexate, utsi unachepa. Diso lakumanzere silinabwererenso mwakale.

Munthu wa RA satumizidwa kukayezetsa maso ngati sakudandaula. Munthu wa JIA ya mtundu uwu amatumizidwa. Kusiyana kwa zilembo zimenezi m'buku ndi kumene kunatitengera gawo la diso.

Akatswiri nawonso akukangana

Nditayamba kuwerenga za nkhaniyi, ndinadabwa kupeza kuti ngakhale kumayiko kumene mabuku sanyowa, vutoli liliko. Wachinyamata akasamukira kwa madokotala a akuluakulu, dzina la matenda ake limasinthidwa kawirikawiri. Nthawi zina kusinthako kuli ndi nzeru. Mtundu uja wa mfundo zambiri wokhala ndi rheumatoid factor ndi RA yeniyeni yomwe yangofulumira kubwera. Wa chidendene ndi msana uja ndi m'bale wa ankylosing spondylitis ya akuluakulu. Wa psoriasis nawo uli ndi mnzake kuukulu.

Nkhani ya mtundu wotentha thupi ija ndiye inandisangalatsa. Dokotala wa ku London, George Frederic Still, analongosola za ana odwala motere mu 1897. Mu 1971 dokotala winanso wa ku England, Eric Bywaters, analongosola matenda omwewo mwa akuluakulu. Kwa zaka zoposa 50 nthenda imodzi inali ndi mayina awiri: ukadwala uli ndi zaka 15 dzina lina, ukadwala uli ndi 17 dzina linanso. Mu 2024 mabungwe a ku Ulaya a EULAR ndi PReS, la madokotala a nyamakazi ya akuluakulu ndi la a ana, anagwirizana kuti ndi nthenda imodzi, izitchedwa Still's disease basi. Gulu lina la akatswiri, PRINTO, linapereka maganizo mu 2019 oti kagawidwe konse ka JIA kakonzedwenso kuti kayandikane ndi ka akuluakulu, malire akhale zaka 18, ndipo kuwerenga mfundo kuja kusakhale ndi mphamvu monga kale.

Ine ndikuona kuti akunena zoona pamenepo. Thupi silidziwa tsiku lobadwa, ndipo malire a zaka 16 anaika ndi anthu. Koma ngakhale a PRINTO omwewo anasiya gulu limodzi paokha, la ana oyamba kudwala ali aang'ono kwambiri omwe maso awo ali pachiopsezo, chifukwa kwa akuluakulu kulibe nthenda yofanana nayo. Mng'ono wanga ali pamenepo. Alibe dzina lachikulu loti asamukiremo. Akadzakhala ndi zaka 40, matenda ake adzakhalabe JIA, ngakhale liwu loyambalo likutanthauza ubwana. Ngakhale posankha mankhwala atsopano odula aja obaya, dzinali limagwira ntchito: adalimumab amathandiza mfundo ndi maso omwe, pomwe etanercept amathandiza mfundo koma kutupa kwa m'maso sakuletsa. Ife mankhwala amenewo timangowamva, koma tsiku lina adzafika, ndipo wolemba adzafunika kudziwa kuti akulembera ndani.

Pali bodza lina lomwe ifenso tinalikhulupirira, loti mwana akakula nyamakazi imatha yokha. Ena imathadi. Koma kafukufuku wa kumayiko akunja amaonetsa kuti pafupifupi theka la anawa amalowa nayo kuukulu, akudwalabe kapena akumwabe mankhwala. Ena amalowa ndi zipsera zake: mwendo umodzi wotalikirapo, chibwano chosakula bwino, msinkhu wopinimbira chifukwa chomwa prednisolone nthawi yaitali.

Ndiye pali nkhani ina imene kuwodi ya ana sinkakambidwa, ndipo kunyumba tinkaizemba. Methotrexate amawononga mwana wosabadwa. Mtsikana amene akumwa mankhwalawa sayenera kutenga pakati, ndipo akafuna mwana amayenera kukambirana kaye ndi dokotala kuti asiye nthawi ikadalipo n'kupatsidwa ena. Mowanso sugwirizana nawo chifukwa cha chiwindi. Ndipo kumwa tsiku ndi tsiku m'malo mwa kamodzi pasabata kukhoza kupha. Namwino wina ndi amene anamukhazika pansi mng'ono wanga n'kumuuza zonsezi mosapsatira, amayi atawapempha kuti adikire panja. Amayi anatuluka atakwinya nkhope. Madzulo anandiitanira kuseri kwa khitchini. "Iwe, kodi akuchipatala ayamba kulangiza ana athu za kulera ife tili moyo?" Ndinawayankha kuti, "Amayi, ndi bwino amve kwa anamwino kusiyana n'kuti adzamve zinthu zitavuta kale." Sanandiyankhe, koma sabata yotsatira anamupatsa yekha kabotolo ka mapiritsi kuti azisunga.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti njira yosamutsira achinyamata bwinobwino si yachilendo ku Chiradzulu. Boma lathu lino, la anthu oposa 350,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndi kumene bungwe la MSF linayamba kupereka ma ARV pachipatala cha boma mu 2001, nthawi yomwe ambiri ankati kumudzi sizingatheke. Ana omwe anabadwa ndi kachilombo anakula, ndipo azaumoyo anaona kuti pausinkhu wa unyamata ndi pomwe ambiri amasiya mankhwala. Ndiye kunabwera ma Teen Club, kumene achinyamata amakumana Loweruka paokha, amaphunzira dzina la matenda awo, dzina la mankhwala awo, amakamba za chibwenzi ndi kulera, ndipo amakonzekeretsedwa asanapite pamzere wa akuluakulu. Malangizo omwe EULAR ndi PReS anatulutsa mu 2017 okhudza achinyamata a nyamakazi amanena zofanana ndi zomwezi: kuyamba kukonzekera mwana akangolowa unyamata, madokotala a mbali ziwirizi azilankhulana, ndipo pazikhala kalata yofotokoza mbiri yonse. Ife tinazichita kale pa HIV. Mnzake wa mng'ono wanga wa m'kalasi, amene ali pa ARV, amatchula mankhwala ake ngati akutchula mayina a abale ake.

Zoonadi ana a nyamakazi ndi ochepa, sangadzaze kalabu pachipatala chilichonse. Koma ana a shuga, a sickle cell ndi a mtima nawonso amawoloka mtsinje womwewu. Ndondomeko ya PEN-Plus, yomwe m'Malawi muno inayambira ku Neno ndipo mayiko a mu Africa anaivomereza kudzera ku WHO mu 2022, ikubweretsa chithandizo cha matenda aakulu osapatsirana ngati amenewa kuzipatala za m'maboma. Ndimalakalaka mwana wotupa mawondo atapeza mpando pamenepo. Madokotala a nyamakazi ya ana mu Africa muno alipo owerengeka, moti bungwe lawo la PAFLAR linangokhazikitsidwa mu 2019. Ndiye kwa zaka zikubwerazi, wosunga dzina la matendawa akhalabe mwini wake ndi banja lake.

Kwa kholo lomwe mwana wake amadzuka mfundo itatupa ndi kuuma kwa masabata angapo, ndingoti pitani naye kuchipatala ndipo mukanene kuti zatha masabata angati, zinayambira pati. Akakuuzani kuti ndi JIA, funsani kuti ndi mtundu uti, ndipo pemphani alembe mawu onse m'buku. Funsaninso za maso. Makina ounikira aja amapezeka kuzipatala za maso monga Lions Sight First ya ku Queen Elizabeth mu Blantyre, ndipo kungoyang'ana diso ndi tochi sikokwanira.

Ife mbiri ija tinachita kuimanganso. Tinakhala pakhonde Lamulungu lina, amayi, mng'ono wanga ndi ine, kope lili pamwendo. Amayi sakumbukira madeti, amakumbukira zochitika.

"Bondo linayamba chaka chosowa mafuta chija, magalimoto akugona pafilingi."

Ndinalemba 2011.

"Kakolo anatupa tili pamaliro a a Bingu, tikumvera pawailesi. Bondo linalo ndi manja zinabwera pambuyo, titakolola."

A Bingu wa Mutharika anamwalira mu Epulo 2012. Titawerenga miyezi, tinapeza kuti theka loyamba la chaka linatha ndi bondo limodzi lokha, monga momwe dokotala wa ana uja analembera. Masamba awiri a buku lakale omwe tinatha kuwamatula ndi nthunzi ya ketulo anatsimikiza zina. Tinapita nazo kwa dokotala amene akumuona panopa, yemwe anakonza apa ndi apo, n'kulemba tsamba limodzi: dzina lonse la matenda, chaka chomwe anayamba, mfundo zomwe zinagwidwa, mankhwala ndi mlingo wake, za diso lakumanzere, ndi tsiku lokaonananso ndi a maso. Pa RA paja anadulapo mzere.

Tsambalo lili m'jumbo ya shuga, pamwamba pa kabati. Chithunzi chake chili m'mafoni atatu, yanga, yake ndi ya amalume omwe aja ankati ndi ulesi.

Mwezi watha anapita yekha. Ndinamuperekeza mpaka pasiteji, ndipo minibasi ya ku Limbe ikudzaza ndinamufunsa ngati akukumbukira zokanena.

"Extended oligoarticular JIA, inayamba ndili ndi zaka zisanu, methotrexate Lachisanu lililonse, diso lakumanzere lili ndi uveitis," anatero mothamanga ngati akulakatula pa asembule. Kenako anatambasula dzanja pawindo. "Achemwali, ya chipisi simunandipatse."